Nthuli Imodzi ya Nkhuku

Lachinayi, Julaye 2003, padoko la Dubai. Tsiku loipa, lotentha ngati ng'anjo.

Mwana wanga Yohane, amene ndikukhala naye kuno ku Dubai, anandikweza sitima yapamadzi ino ndekha. Akuti nyengo yotentha anthu amachepa, ndiye ndikapeza anzanga m'malo momangolira malemu mayi ake m'nyumba. Ine ndikuti anangotopa nane.

Masiku asanu ndapereka moni kwa aliyense. Azungu amangomwetulira n'kupitirira. Ndimadya ndekha patebulo lalikulu ngati wodwala khate.

Amene anandiyankha ndi a Zulu okha, a ku Chipata, okonza m'zipinda, bambo aimvi ngati ine. Dzulo masana ndinawakokera patebulo. Anati, "Madala, ife sitiloledwa kudya ndi alendo." Ndinati, "Kwathu munthu sadya mnzake ali chiimire." Anakhala, n'kudya nthuli imodzi ya nkhuku, maso ali kuchitseko.

Lero m'chipinda mwanga mwabwera wokonza wina. Nditafunsa za a Zulu wangoti "khalas," ndiye kuti zatha m'chinenero cha kuno, n'kuloza pansi. Ndatsika masitepe kukawafuna kumene kumakhala antchito, mlonda wandibweza. Ndapita kwa akuluakulu kukanena kuti wolakwa ndine, Chizungu chandithera m'kamwa. Sindikudziwa ngati angowasamutsa kapena awachotsa ntchito. Ali ndi ana anayi pasukulu.

Yohane abwera kudzanditenga mawa m'mawa, ndipo sitima inyamukanso masana. Iye Chizungu amachitha. Chifikireni kuno sindinamupemphepo kanthu, ndinalumbira kuti sindidzatero. Koma mawa ndimugwadira pamaso pa anthu, akawalankhulire a Zulu. Akangoti watanganidwa, ine sinditsika, andinyamule okha...