Foda ya Ukwati Sinaoneke

Lachinayi madzulo, ku Kawale. Tsiku la lero silinayende mwadongosolo, ndipo ndikulemba izi mtima uli m'mwamba.

Malinga ndi malangizo a Amayi Nambewe, eni situdiyo yathu yojambula zithunzi, omwe ali kumaliro ku Ntcheu, ndinayenera kuyeza malo amene mafayilo adya mu kompyuta, poti yayamba kukana zithunzi zatsopano. Pa foni anati: "A Banda, tsegulani chiwindo chakuda cholembamo malamulo chija, mulembe du -sh --exclude=Ukwati *. Foda ya ukwatiyo tikuidziwa kale kuti ndi yaikulu, iidumphe."

Ndinalemba monga mwa lamulo. Mafoda onse anatuluka, iliyonse ndi kukula kwake, koma ya Ukwati sinaoneke. Ndisanapite kukaitsegula kuti nditsimikize, magetsi anathima.

Ndinawaimbiranso Amayi Nambewe. Anangoti, "Kudumpha si kufufuta, bambo inu! Mantha ngati mwaba nkhuku bwanji? Mwambo wayamba kuno," n'kudula.

Mwina akunena zoona. Komabe sindingalumbire kuti polemba paja sindinaphonye chilembo. Ukwati sabwereza. Mayi ake a mkwatibwi akubwera mawa m'mawa kuchokera ku Chilinde kudzasankha zithunzi. Akufuna makamaka chimene amuna awo akuvina ndi mwana wawoyo, pakuti bambowo anatisiya ukwati utangopita.

Kompyuta ndaifunditsa nsalu, chingwe ndazula. Ngati magetsi sayaka mayiwo asanafike, ndikawapatsa mpando, kenaka ndikati chiyani, ine wosadziwa ngati amuna awo akadalimo?