Sizasi Yotafuna Nthambi

Lolemba, 7 Julaye

Kutentha koopsa. Ndathirira timitengo ta m'miphika ta bonsai katatu, miphika yonse 340. Mng'ono wanga Chiyoko waimba, akamuchita opaleshoni pa 18. Ndamuuza kuti ndiyesetsa kubwera. Waseka, akuti ndakhala ndikuyesetsa zaka makumi awiri. Nanga nditani? Ndikachoka masiku awiri okha, timitengoti tafa. Amuna anga a Noboru amagwira ntchito m'tauni, payipi ya madzi saidziwa.

Lachiwiri, 8 Julaye

A Kuwabara ogulitsa zida abwera ndi sizasi zisanu. Azisiya mpaka Loweruka kuti apongozi anga aamuna, omwe amadulira mitengo pano, asankhepo imodzi. Ine ntchito yanga ndi yowapatsa tiyi. Chikwatiwire pakhomo pano sindinadulepo nthambi. Kuthirira, kusesa, basi.

Lachinayi, 10 Julaye

Apongozi akonda sizasi yakuda. Amaitsegula n'kuitseka pafupi ndi khutu, akuti ikulira bwino. Maso awo anatha, kungoti savomera. Atakagona masana ndinaikweza padzuwa. Pakati pa mipeni pali kampata, msomali ukugwedera. Papepala lonyowa ikutafuna m'malo modula. Pa mtengo wathu wa paini wa zaka zana ingasiye bala losapola.

Ndinene? Si zanga.

Lachisanu, 11 Julaye

Sindinanene.

Loweruka, 12 Julaye

A Kuwabara atayamba kuikulunga, pakamwa panga panatseguka pokha.

"Bambo, imeneyo ikutafuna."

A Kuwabara maso pansi. Apongozi anandipatsa sizasiyo ndi kanthambi kuti ndidule, ndipo anapapasa podulapo ndi chala kwa nthawi yaitali. Kenaka anati ndiyese zinazo. Ndinayesa zonse. Yaing'ono ya mpini woonda inangodutsa, khungwa osang'ambika.

Anafunsa kuti ndinaziphunzira kuti. Ndinati poonerera, thireyi ili m'manja.

"Kuwabara, pa yaing'onoyo mulembepo dzina la mpongozi wangayu, Fumie. Kuyambira mawa wodula mitengo pano ndi ameneyu."

A Noboru akondwa mpaka kukagula mowa. Akuti malowa apeza mwini, sitidzawagulitsanso bambo akadzatisiya. Ine zaka zonsezi ndimadalira kuti adzagulitsidwa, ndidzamasuke. Sindinauzepo munthu.

Lamulungu, 13 Julaye

Ndadula nthambi zitatu pa paini wamkulu, apongozi ataima kumbuyo kwanga, akumvetsera kulira kwa sizasi.

Chikundikwiyitsa n'chakuti ndinamva kukoma. Ndimafuna kudulanso yachinayi.