Chitenje Changa pa Mwala wa Eni Ake

Lamlungu, Novembala 2014, Sheffield

Lero ndapsa mtima tsiku lonse. Tchalitchi chimene Amalawife timachita lendi chinamangidwa kalekale ndi a Universalist, okhulupirira kuti Mulungu sadzataya munthu aliyense. Mawuwo anawazokota pamwala pafupi ndi guwa. Lero a Gondwe, mkulu wa mpingo wathu, aphimbapo chitenje.

"Ana angamayese kuti kulibe Gehena," atero.

Bambo anga tinawaika ku Ntcheu popanda nyimbo chifukwa cha mitala. Eni tchalitchichi, akuti, ankaimbira maliro a aliyense, ngakhale chidakwa. Ndiye ife alendo tiwatseke pakamwa kwawo komwe?

Chondiwawa kwambiri, chitenjecho n'changa. A Gondwe anandibwereka m'mawa, ine kumayesa n'choyala patebulo. Lamlungu likubwerali ndikachichotsa iwo akuona, anene zonenazo.