Nkhokwe Yanu Yaimanso

Amayi, kodi mukukhala bwanji uko mudapitako?

Ndine Agnesi wanu, ndikulemba ndili pakhonde kuno kwa Mposa. Muli moyo ndine ndinkakuwerengerani makalata, inu n'kumandidula pakati kuti ndibwereze pamene pakukomerani. Kumeneko kaya akuwerengerani ndani, koma ndalemba zilembo zikuluzikulu kuti asavutike.

Kuno tili bwino ndithu. Rute, mdzukulu wanu woyamba uja, anachira nthawi yokolola, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Watenga chipumi chanu ndi kaliuma kanu komwe, akakana bere wakana basi. Mpunga wa kudambo unachita bwino, koma nandolo anayoyoka maluwa ndi mphepo. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa awiri, kamodzi fisi anatilanda. Abambo a Rute mwendo ukuwavutabe, koma ku Chilwa sakuleka kupita, akuti matemba sadikira wodwala.

Tsono khalani pansi, chifukwa nkhani yaikulu ndi iyi: achimwene a Samisoni anabwera. Inde, mwana wanu yemwe uja, patapita zaka khumi ndi chimodzi ali ku Buluwayo. Kalata ya maliro anu inawapeza mochedwa, ndipo akuti manyazi ndiwo anawasunganso zaka ziwiri zinazi. Anatsika sitima pa Balaka, nakwera lole, nawoloka Shire pa Liwonde, ine ndinangoona munthu wa imvi waima pabwalo ndi sutikesi kudzanja lina, bokosi lawo la ukalipentala lija kudzanja lina. Mukulikumbuka bokosi limenelo. Ulendo watha uja mudawapempha kuti asiye ngakhale malaya amodzi, iwo osasiya kanthu, ndipo mudandiuza kuti, "Munthu wobwerera amasiya kanthu." Ndinalira, Amayi, mpaka ndinaiwala kuwalandira katundu.

Sabata ziwiri tinakhala bwinobwino. Chimene chinatisokoneza ndi Chitaganya. Mudachisiya chilipo, paja azungu adamanga dziko lathu la Nyasalandi mtolo umodzi ndi maiko awiri a Rhodesia, ife osatifunsa. Tsopano kulikonse nkhani ndi yoti titulukemo. Pamsika, pachitsime, ngakhale pamaliro, anthu akangomaliza malonje ayamba yomweyo. Loweruka lina kunabwera anyamata ovala mataye kudzachititsa msonkhano pansi pa mitengo ku Liwonde, ndipo ine ndi achimwene tinapita.

Analankhula zambiri. Akuti malamulo athu akupangidwa ku Halale ndi anthu amene sadaonepo Chilwa, nsalu zakwera mtengo kuti tizigula za m'mafakitale awo, ndipo tikagona tulo minda yathu adzatilanda monga adalanda ya anzathu kumeneko. Bambo wina wachikulire anafunsa kuti, "Nanga tikatuluka, mankhwala m'zipatala adzagula ndani?" Anyamata aja anayamba kuyankha ndi mawu a m'mabuku, anthu n'kumangoyang'anana. Pakamwa panga mukupadziwa. Ndinangozindikira ndaimirira, ndamanga chitenje, ndikufotokoza za nkhokwe yanu.

Ndinawauza mmene zidakhalira abambo atamwalira. Amayi aakulu, akulu anu aja, ndi amuna awo a Matola adati mayi wamasiye sangathe yekha, mabanja atatu a pachibale aphatikize zokolola m'nkhokwe imodzi yaikulu pabwalo pawo. Zidamveka zachifundo. Koma makwerero ankagona m'nyumba mwa a Matola. Inu amene munkalawirira kumunda kuposa onse, munkaima ndi lichero m'manja kudikira kuti iwo adzuke, asambe, akutapireni monga afunira. Chaka chachitatu a Matola adagula njinga, ife tilibe ndi mchere womwe. Ndiye mudatenga chikwanje, mudakadula nsungwi nokha, n'kuluka kankhokwe kopendama kamene anthu ankati chisa cha nkhuku. Ndinamaliza ndi mawu anu aja akuti, "Wosunga makwerero ndiye mwini chimanga." Anthu anaomba m'manja, amayi n'kululutira, ine mutu unakula ndithu. Achimwene okha ndiwo sanaombe.

Pobwerera tinayenda mtunda wautali. Titapatuka mumsewu waukulu anaima n'kunena kuti, "Iwe Agnesi, nkhani ija wainena theka."

Ndinati, "Theka lanji, achimwene? Ndanama pati?"

Iwo anati, "Sunaname iyayi. Koma chaka chimene mayi adapatula nkhokwe, mvula idadula msanga. Kankhokwe kaja kadatha Khirisimasi isanafike. Tidadya gaga, tidadya mango osapsa ophika, tidakakumba mizu ya nyika kunyanja. Mayi adakana kukapempha kwa a Matola. Iwe udali ndi zaka zisanu ndi zinayi, unkakhuta chifukwa ine ndinkanamizira kuti m'mimba mukundipweteka n'kukusiyira mbale. Njala imeneyo ndiyo idandiyendetsa pansi mpaka ku Balaka kukalembetsa ntchito ya kunja. Iwe ukukumbuka ulemu wa mayi, ine ndikukumbuka njala."

Amayi, zimenezi simudandiuzepo.

Anapitiriza kuti, "Usandiphunzitse za Chitaganya. Chitupa ndimayenda nacho ndine. Pawindo la sitolo ndimagula ndine, mkati osaloledwa. Kamwana ka mzungu kamanditcha boyi ndi imvi zangazi. Koma mudzi uno ndi nyumba zingati zimene zilibe munthu kunja? Mabulangete mukufundawa achokera kuti? Akatseka malire n'kutithamangitsa tonse, tidzadya chiyani pano? Mutu umodzi susenza denga, mlongo wanga." Kenaka anandibaya pamene sindinkayembekezera. Anati, "Ndipo iwe wolalikira za makwerero, chimanga chako cha chaka chino chili kuti?"

Apa ndiyenera kuulula, ndipo musandiyang'ane ndi diso lija. Inu mutapita, chiswe chinadya mphanda za nkhokwe yanu mpaka inagwa. Tinkangoti timanga mawa, timanga mawa. Zokolola ziwiri tsopano chimanga changa ndakhala ndikusungitsa m'nkhokwe ya a Elube, mwana wa a Matola omwe aja. A Elube ndi munthu wabwino, sanandimanepo. Komabe ndimaima ndi lichero pabwalo pawo, ndipo akapita kumaliro ndimadikira.

Manyazi ndi oipa, amasanduka ukali. M'malo movomera, ndinawalasa ndi mawu. Ndinati, "Munthu amene sanabwere kudzaponya ngakhale dothi pamanda a mayi wake asandiuze za mayi." Mawu aja atangotuluka ndinafuna kuwameza, koma anali atafika kale. Titafika kunyumba achimwene anapinda zovala zawo, natseka bokosi lija, n'kuuza abambo a Rute kuti Lachiwiri akakwera sitima ndipo sadzativutitsanso. Ndinadziwa kuti akapita chotero, apita mpaka kalekale, ndipo wowathamangitsa ndikhala ine. Ndinachita mantha kwambiri.

Kupepesa ndi pakamwa kunandikanika, paja ndine mwana wanu. Lolemba m'mamawa ndinatenga chikwanje chanu, ndinapita m'munsi mwa phiri la Chikala, ndinadula nsungwi mitolo iwiri. Ndinazigwetsa pamalo pamene padali nkhokwe yanu, n'kuyamba kung'amba. Kuluka nkhokwe sindidziwa, mukudziwa inunso. Nsungwi zina zinatuluka zonenepa, zina zoonda ngati udzu, chala ndinadzicheka kawiri. Abambo a Rute anafuna kundithandiza, ndinawabweza ndi diso. Achimwene anali khale pakhonde, akunamizira kupukuta nsapato. Koma kalipentala sapirira kuona chinthu chopendama. Dzuwa lisanafike pamutu ndinamva, "Choka apa, ukuwononga nsungwi. Umenewu ndi mtanga kapena msampha wa mbewa?" Anandilanda chikwanje.

Sitima ya Lachiwiri inapita popanda iwo. Masiku anayi tinagwira ntchito, iwo akuluka, ine ndikuwapatsira nsungwi. Anasankha mphanda za mtengo umene chiswe sichiukonda, naziimika pamiyala. Tsiku lachiwiri ndinapeza mpata, ndinagwada n'kunena kuti, "Achimwene, pakamwa panga panandilakwitsa. Ndipo mbale zija sindinkadziwa, zikomo." Iwo anangoti, "Patse nsungwi iyo."

Za Chitaganya tinakambanso, tsopano mofatsa. Ndinawauza kuti njala ija sindikuikana. Koma ndinawakumbutsa zimene iwo sadazione chifukwa adali atachoka: chaka chotsatira mudakulitsa munda, chinacho mudaluka nkhokwe yachiwiri, ndipo kuyambira pamenepo sitidaimenso pabwalo pa munthu. Ndi chimanga chanu chomwecho mudandilipirira sukulu ya kumishoni, ndiye ndikutha kukulemberani lero. Ndinati dziko lino likapatula nkhokwe yake idzakhala yaing'ono, mwina yopendama, ndipo anthu adzatiseka. Koma tikalakwitsa tidzadziwa khomo lokagogoda, chifukwa mwini khomolo adzakhala munthu womva chilankhulo chathu. Pano tikalira, kulira kwathu kumathera pa Zambezi.

Musaganize kuti ndinawagonjetsa. Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Walira mvula walira matope." Ine ndinati, "Matopewo tiponda, achimwene, bola mvulayo igwe m'munda mwathu." Anaseka, koyamba chichitikire mkangano uja, n'kunena kuti ndikanabadwa mwamuna bwenzi ndili kundende ku Zomba.

Ineyo, Amayi, mtima wanga uli m'malo pa nkhani imeneyi. Tituluka ndithu. Kaya chaka chino, kaya mdzina wanu wakhandayu atayamba kutunga madzi, koma tituluka. Ndaona amayi amene ankathawa akaona mesenjala wa boma, tsopano akuima pamsonkhano n'kufunsa mafunso. Chokha chimene ndasintha n'chakuti ndikadzaimanso pagulu, ndidzainena yonse nkhani yanu, ndi gaga yemwe. Anthu adziwiretu kuti chaka choyamba chimawawa, ndipo pamakhala wina wosiyira mnzake mbale.

Nkhokwe itatha, achimwene anatsegula bokosi lawo napanga makwerero. Osati mitengo iwiri yomanga ndi luzi ngati anu aja, iyayi, osalala, okhoma bwinobwino, oti mwana wa mfumu n'kukwerapo. Anandipatsa m'manja n'kunena kuti, "Awa azigona m'nyumba mwako." Tsiku lomwelo ine ndi Rute tinatuta chimanga chathu kwa a Elube. Iwo anadabwa, anafunsa ngati atilakwira. Ndinati palibe, ndinawathokoza ndi nkhuku. Madzulo ake ndinapita ndi achimwene kumanda kwanu. Analambula okha ndi manja, ndipo ndinawasiya kuti mulankhulane awiri. Zimene anakuuzani mukuzidziwa ndinu.

Sabata yotsatira ndinawaperekeza mpaka ku Balaka. Anayenera kubwerera, akazi awo ndi ana ali kumeneko, ntchitonso ikuwadikira. Abambo a Rute ndiwo anatsogola ndi katundu panjinga mpaka pa lole, ndiye sindinaonetsetse. Pa siteshoni sitima ikulowa, ndinawerenga ndi maso: sutikesi, bulangete, kathumba ka mpunga. Ndinafuula kuti, "Achimwene, mwaiwala bokosi!"

Iwo anati, "Sindinaiwale. Kuntchito zipangizo zilipo za azungu, za m'bokosimo ndi zanga, ndidagula chimodzichimodzi. Ndaliika kunsi kwa bedi la mayi. Macheka aja uziwapaka mafuta, angachite dzimbiri." Atakwera anasuzumira pawindo n'kuwonjeza kuti, "Ine ndikuti mukulakwitsa. Koma mukatulukadi, pafunika munthu wokuwongolerani zopendamazo."

Amayi, mwamva? Mwana wanu wasiya kanthu.

Ndinabwerera ndikuseka ndekha pa lole, anthu ankayesa ndamwa. Bokosilo lilipodi, ndimalitsegula Loweruka lililonse ndi kansanza ka mafuta. Nkhokwe yaima pamalo pomwe paja, yowongoka, denga lake la udzu watsopano. Chimanga changofika pakati, sindikubisirani, ndipo mwina chaka chino tidzasakaniza ndi chinangwa. Koma m'mawa uliwonse ndimatulutsa makwerero kuseri kwa chitseko changa, osadikira kuti munthu adzuke.

Perekani moni kwa abambo. Ndikukulonjezani kuti nkhokwe yanu sidzagwanso ine ndili moyo, ndipo macheka aja mwini wake adzawapeza akuwala.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi wokusowani tsiku ndi tsiku,

Agnesi