Bambo anati filimu ija yanama

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala. Nkhani yanga muiona ngati yachibwana poti yayambira pa filimu, koma ikufuna kundipasulira banja.

Kwathu tinakula ndi chizolowezi china. Bambo amakonda mafilimu a akazitape, ndiye ikabwera yatsopano ankatitenga tonse kukaonera. Tikatuluka tinkakhala pa benchi ya panja pa nyumba ya kanema, aliyense n'kunena maganizo ake, kuyambira wamng'ono, Bambo n'kutsekera. Tinkati ndi khoti. Chigamulo cha Bambo sichinkakhala chakuti yakoma kapena yaipa, iwo ankangosaka pamene filimu yanama. Ankati galimoto yolemera chotero singakhote liwiro limenelo osagubuduzika, loko wamtunduwo satseguka ndi kawaya. Tinkawakhulupirira, chifukwa moyo wawo wonse anali makaniko wa magalimoto a boma. Amayi atamwalira khotili silinathe, amuna anga ndi mlamu wanga anangolowamo.

Lamulungu lina masana tinakaonera gawo lachiwiri la filimu imene tonse tinaikonda. M'gawo loyamba kazitape wake anali wa suti yoyera, womenya anthu khumi tayi osapindika, nthabwala zili pakamwa. M'gawo ili wakalamba, akutsimphina, ndipo chilonda chimene wachipeza koyambirira akuyenda nacho mpaka kumapeto. Chapakati adani amugwira, amumangirira pampando m'chipinda chopanda zenera, n'kuyamba kumufunsa. Zinatenga nthawi. Anthu ena anatuluka.

Pa benchi paja mlamu wanga, mkazi wa mchimwene wanga wamng'ono, anati iye anabwera kudzapumitsa mtima, osati kudzakhuza maliro. Mwamuna wake anamuseka kuti amafuna kazitape wonunkhira pefyumu, ndipo anati aka n'koyamba kuona filimu yosatiyesa ana, yonena zenizeni. Bambo wina wosamudziwa amene ankadikira minibasi analowerera, akuti nkhanza tili nazo kale zokwanira, bwanji atibwezere magalimoto ndi madona aja. Ine ndinadandaula za nyimbo. Amuna anga, omwe ndi mphunzitsi wa masamu, anati filimuyo yapangidwa mwaluso koma sakonda kuti ululu wa munthu uzigulitsidwa pa tikiti.

Kenako inafika nthawi ya Bambo. Anali atatsamira ndodo yawo, ndipo anayankhula ndi mawu omwe aja amene amanenera za mabuleki.

"Yanama. Munthu sakuwa nthawi yonse ija. Amakuwa koyambirira kokha, kenako mawu amatha, amangopempha madzi. Ndipo sangakhale pampando paja atavala nsapato. Amayamba amuvula nsapato."

Mchimwene wanga anaseka n'kufunsa kuti zimenezo anazionera mufilimu iti. Bambo anatiyang'ana ngati munthu amene wadzidzimuka kutulo pagulu, n'kunena kuti tiwaperekeze kwawo.

Aphungu, apa ndi povuta. Apongozi anga aamuna sindinawaonepo. Nthawi ya boma lakale lija, amuna anga ali mwana, kunabwera galimoto ya boma kusukulu kumene bambo awo ankaphunzitsa, n'kuwatenga. Sanabwerenso. Patapita miyezi, m'mawa wina apongozi anga aakazi anapeza nsapato za amuna awo pakhomo, zingwe zake zitamangidwa pamodzi, wozisiya osadziwika. Nsapatozo zili m'kabati mwathu mpaka lero.

Tinali titagwirizana kuti kumapeto kwa mwezi uno Bambo asamukire kwathu, chifukwa miyendo yawo yafooka ndipo anagwapo kubafa. Amuna anga anapaka okha penti chipinda choti Bambo azigonamo, n'kukhoma chitsulo chogwirira pafupi ndi bedi. Tsopano chipindacho achikiya. Sakukalipa, angondiuza kamodzi kokha kuti, "Mayi a ana, munthu amene uja salowa muno mpaka anene kuti anali mbali iti ya mpando uja."

Mchimwene wanga akuti tiipeze filimuyo tiwaonetsenso Bambo kunyumba, ife tizikawayang'ana nkhope. Ine ndinapita kukawaona, ndinawapeza akulongedza masipanala m'bokosi lawo lachitsulo, akukonzekera kusamuka. Nditangoyamba nkhaniyo anati, "Mwanawe, filimu ndi filimu," n'kundipempha kuti ndiwagwirire chivundikiro. Ndinawanamiza kuti penti sinaume.

Nthawi zina ndimadzitonthoza kuti mwina ndi Bambo amene anabweretsa nsapato zija, chifukwa cha chisoni. Nthawi zina ndimayang'ana manja awo, amene ankandiluka tsitsi Amayi akadwala, n'kuchita mantha. Kodi ndiwafunse? Nanga akakana kuyankha, ndisankhe ndani pakati pa bambo ondibereka ndi bambo a ana anga?

E.N.K., wa kusitolo ya mankhwala

Mayi,

Ndinakaonera filimuyo ndisanakuyankheni, chifukwa sindinafune kuweruza nkhani yanu mwa kandimverere. Ndiyambe ndi khoti lanu la pa benchi. Mlamu wanu ndi bambo wa minibasi uja ankayeza filimuyo ndi chimene anapita kukafuna, ndipo muyeso umenewo ndi wachilungamo. Amuna anu ankaiyeza ndi chikumbumtima. Mchimwene wanu yekha ndi amene ananena chinthu chimene alibe nacho umboni. Anati filimuyo ndi yeniyeni, pamene chimene amatanthauza n'chakuti ndi yakuda ndiponso yamagazi kuposa yoyamba. Anthu ambiri amene akuitamanda akulakwitsa chimodzimodzi: akuyesa kuti chilichonse chowawa kuonera n'choona. Pa benchi ponse paja munthu mmodzi yekha ndiye anali ndi choyezera, ndipo iyeyo anati yanama.

Choncho sindikunyengererani kuti Bambo anu anangolota. Mawu awo ndi a munthu amene anafikamo m'chipinda chotero, kapena anakhala pafupi kwambiri nacho. Izi zokha ndi zimene zatsimikizika, ndipo ndikupemphani kuti muime pomwepo. Zakuti mawu amatha ndipo munthu amapempha madzi, amazidziwa womangidwa, amazidziwanso womanga. Amazidziwa mlonda wa pakhomo, ndi makaniko amene waitanidwa kudzakonza galimoto kuseri kwa khoma, zenera lake lili lotsekedwa ndi njerwa koma mawu akudutsa. Kukhala chete kwawo nakonso sikuloza mbali. Wozunza amabisa chifukwa cha mantha, wozunzidwa amabisa chifukwa cha manyazi, ndipo amene anangomva osachitapo kanthu amabisa chifukwa cha zonse ziwiri. Amuna anu ndi a masamu. Auzeni kuti apeza yankho limodzi pa funso limene lili ndi mayankho angapo, ndipo sanaonetse njira.

Inunso mwachita chomwecho, kungoti mwasankha yankho lokoma. Nkhani yakuti Bambo anu ndiwo anasiya nsapato pakhomo ndi mathero a filimu, ya mtundu wa gawo loyamba lija. Magalimoto a boma anali ambiri, otengedwa anali ambiri, ndipo palibe chimene mwalemba chosonyeza kuti njira za amuna awiriwa zinakumanapo. Mukaigwiritsa nkhaniyi, mudzapita kwa Bambo anu mutawalembera kale mawu oti anene, ndipo iwo, poona nkhope yanu, akhoza kuwanena.

Tsopano za amuna anu. Kufunsa ali nako kuyenera konse. Munthu amene anangolandira nsapato m'malo mwa mtembo wa bambo ake simungamuuze kuti zakale zipite, ndipo simungamukakamize kudya tebulo limodzi tsiku ndi tsiku ndi munthu amene akumukayikira. Koma njira imene asankha ndi yolakwika, ndipo muwauze mosazungulira. Mukauza nkhalamba yofooka miyendo kuti sipeza pogona mpaka itayankha, mwamanganso chipinda cha mufilimu chija m'nyumba mwanu. Yankho lotuluka motero n'lopanda ntchito, pa chifukwa chimene chili m'mawu a Bambo anu aja: munthu akafika potopa amanena chilichonse chimene chingamupatse madzi. Maganizo a mchimwene wanu ndi oipa koposa. Kukhazika munthu pampando, kumuonetsa zimene zinamudzidzimutsa, ena n'kumamuwerenga nkhope, kumeneko ndi kuzunza komwe kuja. Mukane.

Chofunika kuchita msanga n'kulekanitsa nkhani ziwiri zimene zamangidwa mfundo imodzi. Chisamaliro cha Bambo anu sichingadikire choonadi, chifukwa bafa limene anagweramo likadali loterera. Khalani pansi ndi mchimwene wanu ndi mlamu wanu sabata ino, Bambo akayambe akhala kwa iwo, kapena papezeke wachibale wokhala nawo kwawo. Chitsulo chogwirira chija chikazulidwe, chikakhomedwe kumene akagone. Ndipo bodza la penti lithe. Munthu amene wakhala zaka zonsezi akusaka pamene filimu yanama sanganamizidwe ndi mwana wake. Akudziwa kale, ndipo masipanala aja akulongedza pofuna kukupeputsirani manyazi. Auzeni kuti mawu a pa benchi aja anafika pa bala la mkamwini wawo, ndipo kusamuka kwaima kaye.

Musanawafunse, pitani kwa azakhali anu kapena wamkulu aliyense wa m'banjamo amene anali ndi nzeru kale nthawi imeneyo. Musawafunse ngati Bambo anali munthu wabwino, chifukwa adzakuyankhani ngati abale. Afunseni zinthu zogwirika: kodi Bambo anasowapo pakhomo kwa nthawi yaitali, anabwera ali bwanji, ankagwirira ntchito pa garaja iti, ndipo ankaitanidwa kuti. Mayankho amenewa sadzagamula mlandu, koma adzakuthandizani kumva bwino zimene Bambo anganene.

Kenako pitani nokha, masana, kunyumba kwawo, manja awo ali pa ntchito. Musapite ndi amuna anu, ndipo musapite ngati nthumwi yawo. Funso likhale limodzi, lakuti zimene ananena zija anazidziwira kuti. Mukafunsa, khalani chete, ngakhale chetecho chitalike mpaka kukuwawani. Musawathandize ndi mawu. Akati filimu ndi filimu, auzeni kuti mwamva, kuti mudzafunsanso tsiku lina, ndipo kuti pogona pawo sipadalira yankho. Amuna anu muwalonjeze chinthu chimodzi chokha, chimene mungathe kuchisunga: kuti chimene mudzamve simudzachikometsa pobwera nacho kwa iwo. Ngati akufuna kudziwa za bambo awo, njira yake ndi ina, ya anthu amene anali nawo m'ndende ndi mabungwe amene amafufuza za osowa, ndipo muyende nawo pa njira imeneyo. Bambo anu asasenzetsedwe mlandu wa boma lonse chifukwa chakuti ndi okhawo amene ali pafupi.

Mwafunsa kuti musankhe ndani. Lero musasankhe, chifukwa simukudziwa chimene mukusankha. Koma ndikuchenjezeni, ndipo apa sindifewetsa. N'kutheka kuti Bambo anu sadzayankha mpaka kumanda, ndipo banja lanu lidzayenera kuphunzira kukhala ndi funsoli monga likukhalira ndi nsapato zija. N'kuthekanso kuti adzayankha, ndipo yankho lake lidzakhala lija mukuliopa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka: adzakhalabe bambo amene ankakulukani tsitsi, ndipo amuna anu adzakhalabe mwana wamasiye, popanda chimodzi chofafaniza chinzake. Ganizirani tsopano, musanagogode pakhomo pawo, kuti zikatero mudzawasambitsabe kapena ayi, ndiponso kuti ana anu mudzawauza chiyani. M'nyumba ya kanema choonadi chimatuluka magetsi asanayake, anthu n'kupita kwawo. Kwa inu sizidzatero. Amene ati ayambe kulowa m'chipinda chopakidwa penti chija si Bambo anu, ndi yankho lawo, ndipo ilo likalowa silisamukanso.

Phungu wanu