Chipewa cha Yohane

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Kunatentha, ndipo miyendo yanditupanso.

Zodutsa pamsewu wa ku Chonde, monga ndinaziwerengera ndili pakhonde:
Amtengatenga osenza katundu: 31
Machila onyamulira azungu: 2
Galimoto: 1
Njinga zopita: 3
Njinga zobwerera pofika masana: 2

Yotsalayo inali ya mwana wanga Yohane, mphunzitsi. Galimoto ya mzungu wa kumunda wa tiyi inalowera komweko, ndipo pamlatho wa pamsewuwo m'popapatiza. Ndinawerenga kawiri, koma ziwiri zinakana kukhala zitatu.

Dzuwa litapendeka, galimoto ija inaima pakhomo, njinga itamangidwa kumbuyo. Yohane anatsika akutsimphina.

"Amayi, musawakalipire oyendetsawa," iye anatero. "Anachepetsa liwiro n'kundipatukira bwinobwino. Ine ndiye ndinati ndivule chipewa."

"Uli panjinga?"

"Nanga ndikanadutsana ndi mzungu chipewa chili kumutu?"

Dzanja litapita kuchipewa, njinga inapita m'ngalande.

Oyendetsawo, bambo wachikulire wochokera kwa Apwitikizi, anamasula chingwe akupukusa mutu. "Mayi, muwauze aphunzitsiwa azigwira chiwongolero ndi manja awiri. Ine ndinawapatsa njira yonse. Abwanawo sanaone n'komwe, anali m'tulo."

Yohane ndamuthowa bondo ndi madzi otentha. Ndatopa. Akuti Lolemba akweranso njinga, ndipo galimotoyo idzadutsanso. Chipewacho ndachibisa pansi pa dengu la nandolo.

Masipoko othyoka: 5
Bondo lotupa: 1
Njinga zopita 3, zobwerera 3.

Marita