Mipeni Yosowa Eni Ake

Mlongo wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi chifuwa chija chinakusiya? Kuno tikupuma, koma nditati tili bwino ndikhala ndakunamiza.

Ndalemba chifukwa pafoni umandidula pakamwa. Apa uwerenga mpaka pansi, ufune usafune.

Nkhani ndi ya mng'ono wanga ndi amuna ake, a Nolani, aja sunawapatsepo moni chikwatiranireni poti ndi Msilamu. Ntchito yawo ukuidziwa. M'mawa amayenda khomo ndi khomo kutolera mipeni yobuntha, amakainola pamwala uja amauzungulitsa popalasa njinga, madzulo n'kubweza.

Kanema unatitumizira uja, wa anthu a zisoti akupha anzawo kudziko lakutali, sanathere m'mafoni mwathu. Msuweni wathu anagawira anzake a pasiteji ya minibasi, msewu wonse n'kumuonera. Posakhalitsa amayi a pagolosale anayamba kunena kuti a Nolani akamanola amanong'ona mawu oopsa. Ndinawauza kuti munthuyo amaimba nyimbo za mpira, kuimba kwake koipa kale. Palibe anaseka.

Lachinayi masana a Nolani akudutsa pasiteji, wina anakuwa kuti atsegule chikwama. Polimbana, chikwama chinagwa, mipeni mbwee pamsewu. Basi, panalibenso wofunsa, anthu anangowagwera. Ine ndinawapeza ali m'ngalande, chisoti chili poteropo, tayala la njinga likuzungulirabe.

Moyo ulipo. Nsagwada anazimanga ndi waya, sakuyankhula. Koma akagona pabedi la kuchipatala, mwendo wakumanja umapalasa wokha ngati akunola. Ndikauona ndimatuluka panja, sindingathe.

Apolisi ataona kuti palibe mlandu, anandipatsa chikwama chija. Ndinayala mipeni patebulo ndipo ndinaidziwa yonse. Womanga chigwiriro ndi mphira ndi wa amayi a pagolosale. Wothyoka nsonga ndi wa kunyumba kwa kondakitala amene akuti ndiye anayamba kuponya njerwa.

Ndinalengeza kuti eni ake adzatenge. Mpaka lero zii. Tikakumana pampopi aliyense maso ali m'ndowa. Dzulo ndinaona amayi a pagolosale akudula kabichi ndi chivindikiro cha chitini, mpeni wawo uli kunsi kwa bedi langa, wakuthwa bwinobwino.

Mantha ndili nawo, mlongo wanga. Nthawi zina dzuwa lili pamutu ndimamva mwala uja ukulira pakhomo. Ndikatsegula chitseko ndimangopeza msewu, ndi anthu amene ndakhala ndikupatsana nawo moto ndi mchere zaka zonsezi. Ndimayang'ana manja awo.

Tsono pempho langa ndi ili. Eni nyumba auza mng'ono wanga kuti mwezi ukatha atuluke, ati akuopa kuwotcheredwa nyumba. Ine chipinda changa n'chimodzi, komanso chili mumsewu womwewu. Ana a mng'ono wanga sakupita kusukulu. Wamng'ono uja anandifunsa ngati iwe malume wake nawenso umawaopa bambo ake, ine n'kunamizira kutsokomola.

Iwe uli ndi chipinda chomwe umagonekamo matayala akutha. Matayala alibe msana, akhoza kugona panja. Uwalandire onse, ndi mwamuna yemwe, ndi chisoti chake, ndi kamkeka kake kopemphererapo. Usanditumizire mavesi, ndili nawo. Unditumizire yankho mwezi usanathe.

Chotsiriza. Loweruka unanditumizira chithunzi chomwe chikuyenda m'mafoni, cha chimpeni chachikulu chili pamsewu, n'kulemba kuti ndione zimene anthu amenewa amayenda nazo. Sunadziwe kuti ndi pasiteji pathu pano.

Chitsegulenso, uyang'anitsitse chigwiriro. Pali popsa chakumapeto. Unapawotcha ndiwe pambaula uli mwana, amayi n'kukuthamangitsa ndi patapata mpaka kumsewu. Ndi mpeni wa malemu amayi uja. Ndinaupereka ndine kwa a Nolani m'mawa wa tsiku lomwelo, ndipo anati umenewu sandilipiritsa poti ndi wa apongozi awo.

Undiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni, ndipo akufewetse mtima.

Ndine mlongo wako wamkulu,
amene ndinakubereka kumsana.